Nyimbo Yoitanira a Samson

A Hamilton a ku Khuyu anadziwa gitala asanadziwe kupalasa bwato. Bambo awo pobwera ku Bulawayo sanabweretse chooneka, koma gitala ndi mbale za nyimbo za kantire, zija azungu oweta ng'ombe amalirira akazi owathawa. Mwana anazimva mpaka zinamulowa m'magazi.

Ntchito inawapeza yokha. Amuna ambiri a pa Likoma anali ku Joni ndi ku Halale, ena atatchona. Amayi ankabwera kudzawafotokozera zakukhosi, iwo n'kupeka nyimbo. Mayiyo ankaimba yekha m'kachipinda kokhomedwa mikeka m'makoma, a Hamilton akumuimbira gitala, kaseti n'kukwera sitima. Kenaka kunabwera kompyuta, makwaya n'kumadzajambulitsa, koma anthu ankawadziwabe ngati oitana matchona. Kunena zoona nyimbozo sizinkabweza munthu. Wina akalasidwa mtima ankatumiza bulangete, basi.

A Hamilton sanakwatire. Ankaphika okha, kudya okha, gitala ili pampando wa mlendo. Chifukwa chake chinali mayi Phyllis a ku Mbungo, amene amuna awo, a Samson, anapita ku Joni mwana ali kumsana. Chaka ndi chaka mayiwa ankayenda ulendo wonsewo wapansi, m'manja muli ufa wa kondowole, n'kukhala pakhomo.

"Achimwene, tiyeserenso. Kapena chaka chino amva."

A Hamilton ankawakonda mayiwa, kuwakonda kwenikweni, koma mkazi wamwini woti ukwati wake anachitira m'tchalitchi ukanamuyamba bwanji? Tsiku limodzi lojambulalo ndilo linkawasunga chaka chonse. Ndiye pena, Mulungu awakhululukire, ankapeka mwaulesi dala.

Chaka chatha mayi Phyllis anafika akutsimphina, imvi zili mbuu.

"Aka n'komaliza, achimwene. Miyendo yakana."

Apa a Hamilton chisoni chinawagwira. Anakhala pansi n'kuika m'nyimbomo zonse zimene iwo eni anazisunga osanena: kudzuka m'nyumba yopanda wokufunsa kuti wagona bwanji, kutchera khutu mapazi akamadutsa panja. Mayi Phyllis poimba analira. Anaitumiza pa foni kwa mphwawo wa a Samson.

Mvula isanagwe, sitima inatsitsa nkhalamba yowonda yonyamula kachikwama kamodzi. Chilumba chonse chinatekeseka kuti gitala ya ku Khuyu yabweza mtchona.

Lamulungu lotsatira, potuluka m'tchalitchi ku Chipyela, a Samson ndi mayi Phyllis anawapeza a Hamilton pansi pa mtengo. A Samson anawagwira dzanja osafuna kulisiya.

"Ndinaimvera ndili pantchito, ndinangokhala pansi. Munadziwa bwanji kuti munthu amasowa mnzake chonchi?"

A Hamilton anangoti ndi ntchito yawo. Mayi Phyllis anagwada pang'ono, nkhope ili ngwee.

"Zikomo, achimwene. Ndakutopetsani zaka zonsezi. Tsopano pumulani, sindidzabweranso kudzakuvutitsani."