Dilamu ya madzi pamtsetse

Lero m'mawa ndinamva fungo la dzimbiri lonyowa pampopi, n'kukumbukira tsiku lina ndili mwana.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Kwathu ku Mtendere madzi anali atasowa masiku atatu, ndiye ine ndi amayi tinkagubuduza dilamu yodzaza kuchokera kumpopi wakumtunda. Poyamba inkakana kusuntha. Tinakankha mpaka zikhatho kufiira, madzi akukhuvuka m'kati. Titafika pamtsetse inayamba kuyenda yokha, ine n'kusangalala.

"Iwe, osaisiya! Ikayamba kuthamanga siimvela munthu," anatero amayi.

Koma n'kuti nditachotsa kale manja kuti ndipukute thukuta. Dilamu inawapulumuka amayi n'kuyamba kudumpha miyala, liwiro likukulirakulira. Kumunsi, pakati penipeni pa njira, kamwana ka aneba kanali katakhala pansi, kakusewera ndi dothi.

"Chosaniko mwana!" ndinakuwa, koma panalibe wamkulu pafupi.

Amayi anataya mapatapata. Ndinali ndisanawaonepo akuthamanga chotero. Sanayese kuitchingira kutsogolo, ikanawathyola miyendo. Anathamanga m'mbali mwake n'kuigunda ndi phewa chakumapeto. Dilamu inakhota, inaphonya mwanayo pang'onong'ono, n'kukagwera m'ngalande. Chitsekero chinafwamphuka, madzi athu n'kumakhuthukira m'matope.

Amayi anakhala pansi atagwira phewa, akupumira m'mwamba. Ine ndinangoima, kudikira mbama.

Anandiyang'ana, nati, "Ukali kuimilila? Thamanga ulete ndowa, tipulumuseko yasala!"

Ndinaliyatsa liwiro kukatenga ndowa, misozi ikundilowa m'kamwa.