Thadzi Lolira pa Chinkhoswe Changa

Atate anga anabwera ndi matiresi a siponji pochokera ku migodi ya ku Joni, ndipo mudzi wonse wa kwathu ku Lobi unawadziwa matiresiwo. Mlendo akangofika, asanamwe ndi madzi omwe, atate ankawatulutsa panja, n'kuikapo khala lamoto. Siponjiyo inkangoda pang'ono, osayaka.

"Mwaona? Azungu anathiramo mankhwala. Nyumba itapsa, ine ndingatsale ndili gone!" ankatero.

Patapita zaka, matiresi aja anakalamba, n'kuyamba kuyoyoka tizidutswa tachikasu. Chaka chimene ndinagula khadi yanga yoyamba ya chipani, kuzizira kwa Juni kunali kosaseweretsa. Amayi anamvera chisoni nkhuku zawo. Anang'amba siponji ija n'kuyala m'zisa ndi m'khola monse kuti zizifundidwa. Nkhuku nazo, zopusa, zinkajompha tizidutswato ngati misere.

Miyezi itapita tinayamba kuona zachilendo. Mazira ambiri ankangosukusa. Anapiye oswedwawo ena anali opindika miyendo, ena osamera nthenga msanga. Tambala wathu anasiya kuthamangitsa misoti, ankangokhala ndwii pansi pa mtengo wa pichesi. Mdzukulu wanga amene anaphunzira za ziweto anadzandiuza ndili kale ndi imvi kuti mankhwala oletsa moto aja amasokoneza m'thupi mwa nyama, ngakhale nsomba, moti kakulidwe ndi kubereka zimalowa chisawawa. Ife nthawi imeneyo tinkangoti kwagwa chitopa chachilendo.

Tsono m'chaka chomwecho ndinali ndi chibwenzi, mnyamata wa ku Chongoni wopala matabwa. Ndinkamukonda, sindibisa. Vuto linali atsibweni ake, mkulu wa kudambwe, amene sankafuna kuti mwana wa mlongo wawoyo akwatire mwana wa Akatolika. Ankangofuna chifukwa. Pa chinkhoswe a kuchimuna amapereka tambala, a kuchikazi thadzi, ndipo m'khola mwathu munatsala thadzi limodzi lokha looneka bwino, lofiira, lonenepa.

Kutatsala masiku anayi kuti chinkhoswe chathu chichitike, m'mawa ndikusesa, ndinamva kokoliliko wosasa mawu kuseri kwa nkhokwe. Kusuzumira, mayo ine, ndi thadzi lija, khosi lili tololo! Aliyense kwathu amadziwa kuti thadzi likalira ndi malodza, limaphedwa tsiku lomwelo.

"Amayi, tiphe, tikapemphe lina kwa anansi," ndinawachonderera.

"Kuti mudzi wonse udziwe kuti ndalephera kuweta nkhuku ya mwana wanga? Iyayi. Limalira m'mawa mokha, chinkhoswe n'chamasana," anayankha.

Ndinapsa mtima, ndinaponya tsache uko. Koma amayi anga akati ayi, ngakhale abambo mfumu a ku parishi sakanawatembenuza.

Tsikulo linafika. Anthu anadzaza pabwalo, nthungululu zili mbwee. Atsibweni a mnyamata anapereka tambala wawo, nkhope ili gwa. Atsibweni anga ananyamula thadzi lija, n'kuyamba kulankhula mwaulemu kuti nayi mbewu yathu, muisamale. Asanamalize, thadzi linakupiza mapiko m'manja mwawo, n'kulira. Linalira kawiri, mosajejema.

Ine ndinali pamphasa nditawerama. Ndinadziwa kuti ukwati wanga watha.

"Mwadzionera nokha," anatero atsibweni a mnyamata akuimirira. "Mizimu yakana. Tiyeni tizipita."

Apo m'pamene amayi ake a mnyamata, munthu wamfupi amene ndinali ndisanamumvepo akulankhula, anadzuka pakati pa azimayi.

"Achimwene, khalani pansi. Thadzi lolira amapha, si choncho? Tipheretu pompano, ndilione m'kati. Ine nkhuku ndaweta chiyambire utsikana wanga."

Anaitanitsa mpeni, n'kulipha okha. Atang'amba nthutumba, anaitembenuzira pa tsamba la nthochi. Munatuluka timiyala pang'ono, kwinako konse zachikasu zokhazokha, zofewa. Anatola kachidutswa, n'kukafinya, koma kanabwerera m'mene kanalili.

"Kodi kuno nkhuku mumadyetsa chiyani?"

Anthu onse a kwathu anayang'ana atate anga nthawi imodzi. Wina kumbuyo anafuula kuti, "Ndi matiresi osapsa aja!" Kuseka kwake! Azimayi anagwa chagada, atsibweni anga misozi ili chuchuchu. Atate anavula chipewa, n'kuvalanso, n'kuvulanso.

"Malodza anu ndi amenewa, achimwene," anatero mayi aja. "Mizimu ya kwathu siidya siponji."

Mkulu uja anayang'anitsitsa pa tsambapo nthawi yaitali. Kenaka anakhala pansi, n'kunena kuti mwambo upitirire, thadzi lina adzalandira likapezeka. Nyama ya thadzi lophedwa lija mayiwo analetsa kuti munthu asadye, anakalikwirira kudzala.

Pobalalika mayi aja anadza pamene ndinakhala, n'kundigwira dzanja. Manja awo anali akadali onunkha nkhuku.

"Usalire, mpongozi wanga," anatero. Kenaka anatembenukira mwana wawo. "Iwe, pobwera kuchikamwini kuno udzatenge mphasa yako, usadzagonere siponji."

Mwezi wotsatira ndinamuona akutsika phiri, mphasa ili pamutu, ndipo ndinathamanga kukamulandira anthu onse akuona.