Kadzutsa wa a Bester kwa Harry

Mukatsika basi pafupi ndi sitolo ya mankhwala ku Salford kuno ku England m'mawa uliwonse, yang'anani pawindo la kanyumba kodyera ka Harry. Mudzaona bambo wadazi, tayi ali pakhosi, nyuzipepala yaulere ya m'basi itayalidwa pambali, akucheka soseji mosamala ngati dokotala. Amenewo ndi a Bester. Ine Asimenye ndimawanyoza, ndipo sindibisa.

Anabwera kuno mu 2003. Kumudzi anali mesenjala pa ofesi ina ku Limbe, ntchito yabwinobwino imene iwo saitchula n'komwe. Kuno anayamba ndi kupempha chitetezo, n'kudikira mapepala zaka zisanu ndi zitatu, ndipo pa zimenezo palibe angawaseke, poti ambiri anadutsa momwemo. Chimene chimandinyansa ine ndi chimene anasanduka mapepalawo atatuluka. Anadzisankha okha kukhala mphunzitsi wa chizungu wa Amalawi tonse. Amakolopa m'maofesi a makampani a wailesi kumene kunali madoko kale, koma mukawafunsa ntchito amangoti, "Ndili mu media." Akazi awo anatopa kudikira ku Bangwe mpaka anakwatiwa ndi mwamuna wina. Iwo amati anasiyana chifukwa mayiwo anali osatsogola.

Kwa Harry ndiye kwawo kwenikweni. Ndi tiyirumu basi, matebulo asanu ndi awiri, mabotolo a sosi omata m'manja, ndi fungo la mafuta limene limakutsata mpaka m'basi. Koma ukati tiyirumu pamaso pawo amatupa. Zaka khumi ndi zisanu akhala pa tebulo lomwelo kudya mbale yomweyo: mazira awiri, bekoni, soseji, nyemba zam'chitini, bowa, tomato wowotcha, buledi wokazinga m'mafuta a bekoni yemweyo, ndi tizidutswa tiwiri takuda tozungulira timene kuno amati black pudding. Kwathu timati uwende. Ndi magazi a nkhumba ophika, palibenso china, koma a Bester amadya ndi mpeni ndi foloko, chala chaching'ono chitaloza kudenga. Amati Harry ndi mnzawo wapamtima. Harry amatchula aliyense wolowa pakhomopo kuti "pal", ngakhale wobweretsa makalata.

Mmalawi aliyense watsopano amakokeredwa kumeneko kukaphunzira. Nanenso ndinapita chaka chimene ndinabwera kudzagwira ntchito yosamalira okalamba, nditangoweruka, njala ili tho. Sindinama, chakudyacho chimakoma kukazizira, chimakukhazika mtima pansi. Chowawa ndi kudya kwinaku ukuuzidwa kuti wagwira foloko ngati khasu.

Tsono mlongo wanga Lusayo, amene amagwira ntchito pachipatala ku Manchester, anakondana ndi namwino mnzake wa ku Zambia, Namukolo. Mtsikana wofatsa, woseka ndi maso, ndipo ine ndinamukonda tsiku loyamba lomwe. Makolo ake ali ku Mongu, ndipo mawu onse a ukwati anawasiya m'manja mwa amalume ake, a Lubinda, amene amakhala ku Newcastle. Namukolo anatiuza yekha kuti sangakwatiwe mowadumpha, akati ayi ndiye kuti ayi. A Lubinda anali kale ndi nkhawa imodzi. Iwo ndi mkulu wa mpingo wa Sevenide, ife ndife a CCAP. Anavomera kubwera kudzaona banja lathu kamodzi, kenako apereke yankho.

Banja lathu kuno ndi ine ndi Lusayo basi. Pankafunika nkhoswe, munthu wamkulu woti atilankhulire. Amayi anaimba foni kuchokera ku Karonga kunena kuti a Bester ndi msuweni wa malemu bambo athu, mwa chibale china chokhotakhota, choncho akhale iwowo. Ndinati alendowo tiwalandirire kwanga, ndiphike nkhuku ndi mpunga wa Kilombero. A Bester anaseka. Anati zolandirira anthu m'kanyumba konunkha anyezi ndi zachimidzi, kuno nkhani zikuluzikulu amakambira pa kadzutsa. Anasankha Lamlungu, poti a Sevenide Loweruka sayenda. Mumvetse bwino pamenepa, zoti ndi a Sevenide, anthu osadya nkhumba, a Bester ankadziwa.

A Lubinda anafika pa sitima ya m'mawa ndi akazi awo, mayi atamanga chitenje chatsopano pansi pa chikhoti. Lusayo sanalowe, monga mwa mwambo. Anakhala pa benchi ya pokwerera basi tsidya la msewu, atavala suti, maso ali pawindo.

Tinapatsana moni, ine ndinagwada pakati pa matebulo mpaka azungu ena anatembenuka. Titakhala pansi, a Bester sanakhudze n'komwe pepala la zakudya. Anangokwezera Harry zala zinayi. Munthu amene wakhala zaka khumi ndi zisanu akutiphunzitsa kuti mzungu amayamba wafunsa, pa tsiku limodzi lofunika kufunsa anachita chimudzi chenicheni. Kwathu mlendo safunsidwa ngati adya kapena adya chiyani, kumeneko timati n'kumana. Umangobweretsa chabwino koposa chimene uli nacho. Ndipo chabwino koposa pa moyo wonse wa a Bester ndi mbale ija.

Ndinadziwa chimene chikubwera. Ndinatsegula pakamwa, koma mwana wamkazi sadzudzula nkhoswe pamaso pa alendo a ukwati, choncho ndinatsekanso. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Mbale zinafika zikufuka nthunzi. A Lubinda anayang'ana yawo kwa kanthawi. Bekoni anali atagona pa mazira, mafuta ake atayenderera mpaka ku nyemba, moti munalibe kanthu kamene nkhumba sinakhudze. Kwawonso mlendo sakankha mbale. Anathokoza, anapemphera pemphero lalitali bwino, kenako anapinda manja pa tebulo. Akazi awo anachita chimodzimodzi. Tiyi anakana mwaulemu, n'kupempha madzi otentha okha.

A Bester sanaone kanthu. Lusayo anamutchula kamodzi, kuti ndi mnyamata wabwino amene iwo anamuphunzitsa kukwera tramu, kasitima koyenda m'misewu ya m'tauni. Zina zonse zinali za iwo eni, mmene anafikira kuno opanda jekete, mmene Harry amawalemekezera, ndi mmene anthu akwathu amalepherera kuno chifukwa chokakamira zakumudzi. Anabaya kachidutswa ka uwende, kukakweza m'mwamba, n'kuuza a Lubinda kuti munthu amene sanalawe chimenechi sanafikebe ku England. Mayi aja anayang'ana pansi.

Ndinayesa kukonza zinthu. Ndinawanong'oneza kuti mwina alendo angakonde phala kapena buledi wouma.

"Asimenye, alendo satero nawo," anayankha mokweza. "Akungoopa cutlery awa. Azolowera."

Atamaliza yawo anaona kuti mbale ya a Lubinda ikuzizira. Anati chakudya cha Harry sichibwerera kukhitchini, n'kuikoka mbaleyo, kuyambira pa bekoni. Ameneyo ndiye nkhoswe wathu, nsonga ya tayi ili m'nyemba, akudya mbale ya mlendo, mlendoyo akuonerera. Ndinkalakalaka pansi patang'ambika.

A Lubinda anadikira mpaka foloko itagona. Kenako anatembenukira kwa ine, osati kwa a Bester, n'kulankhula motsitsa mawu m'Chinyanja chawo.

"Mayi, taona. Manje niuzeni chabe, mwana wathu azayamba kudya chani ku nyumba kwanu?"

Ndinafotokoza kuti Lusayo anasiya nkhumba kuyambira pamene anadziwana ndi Namukolo, ndipo zinali zoona. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Anati iwo mnyamatayo sakumudziwa. Amene amuona ndi munthu amene banja lamusankha kuti aliyimire, ndipo mavuto akadzabuka m'nyumba, mwana wawo adzathamangira kwa ameneyo. Anavala makhoti awo, anathokoza Harry, n'kutuluka. Njira yawo inadutsa pa benchi ija. Lusayo anaimirira atagwira manja mwaulemu, iwo anamuyankha ndi mutu n'kupitirira.

Yankho linabwera Lachitatu kudzera kwa Namukolo, akulira. Ndinakwera sitima kawiri kupita ku Newcastle kukapepesa. Anandilandira bwino, anandiphikira, ndipo maulendo onse awiri anayamba andifunsa chimene ndimadya. Yankho silinasinthe. Namukolo anapeza ntchito pachipatala china kufupi ndi amalume ake n'kusamuka. Lusayo anabwezera suti ija m'pepala lake, ndipo masiku ano ukamuimbira foni amangoti ali bwino, watopa.

A Bester mpaka pano amauza anthu kutchalitchi kuti msonkhano unayenda bwino kwambiri, alendo anakhutira mpaka kusiya chakudya m'mbale, kungoti ena chizungu chimawavuta. Sabata yatha anandikodola pawindo ndikutsika basi, foloko ili m'manja. Ndinalowa chifukwa ndi akuluakulu. Anati amva kuti Lusayo sanakwatirebe, ndipo akadzapeza wina asavutike kufunafuna nkhoswe, tebulo lilipo.

Ndinayang'ana mbale yawo. Munatsala uwende wokha, poti iwo amausungira kumapeto.