Khomo Loyang'ana kwa Apongozi

Sukulu ndinaisiyira mu Sitandade 7. Anthu amati ndinachotsedwa, koma ndinatuluka ndekha aphunzitsi atanditukwana pamaso pa atsikana, ndipo chitseko ndinachimenyetsa moti sukulu yonse inamva. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikudya za manja anga: kuumba njerwa, kuponda matope, kenako kumanga. Pofika msinkhu wokwatira ndinali nditamanga kale nyumba zingapo ku Namadzi ndi ku Boma, ngakhale kuti anthu ankadziwa kwambiri za mtima wanga wapachala kuposa za makoma anga.

Chaka chimene mvula inagwetsa nyumba zambiri kwathu kuno, ndinapeza ntchito pafupi ndi Namadzi, yomanga chipinda chodikiriramo amayi pa kachipatala kena. Pulani yake anajambula ndi mayi wina wa ku Blantyre, mphunzitsi wa pa koleji, amene ntchito yake ndi kuphunzitsa achinyamata kujambula nyumba. Anabwera ndi ophunzira ake kuti adzaone ntchito ndi maso, osangoti m'mabuku. Anali amfupi, a imvi zapatalipatali, ovala chitenje ndi jombo. Tonse tinkangoti aphunzitsi.

Masiku oyamba sanatilole kukumba. Ankatenga ophunzira awo aja n'kumazungulira nawo m'mudzi, kuima pa nyumba iliyonse yakugwa, kugwira dothi, kufunsa eni ake kuti khoma loyamba kugwa linali liti. Ife amisiri tinkangokhala pa mulu wa mchenga, mafosholo ali gone. Ine zinandikwana.

"Mayi, ife tabwera kudzamanga," ndinatero. "Ngati ndi zoona malo, mukanatiuza tikanavala masuti."

Anzanga anaseka. Aphunzitsi sanaseke, komanso sanakwiye.

"Achimwene, mwamangapo nyumba?"

"Zambiri."

"Chabwino. Pa nyumba zanuzo, khoma limene limayamba kunyowa ndi la mbali iti?"

Nyumba ndikaimaliza ndinkatenga zida zanga n'kumapita, osacheukanso. Funso lija linandiwawa ngati munga wa m'phazi. Lamulungu nditaweruka ku tchalitchi ndinakwera njinga n'kuyendera nyumba zonse zimene ndinamanga. Zonse zinali zakuda ndi ndere mbali imodzi, mbali ya ku Mulanje, kumene mvula imachokera chopendama mphepo ikamaikankha. Kumene khomo linayang'ana mbali imeneyo, chitseko chinali chitafufuma, kunsi kwake kutawola, ndipo mayi wina anandionetsa masaka amene amatsekera madzi pakhomo.

Lolemba ndinakawauza aphunzitsi zimene ndinaona. Anangogwedeza mutu n'kunena kuti masana ndizikhala nawo pa maphunziro awo pansi pa mtengo wa mango.

Kumeneko n'kumene ndinaphunzira zimene sukulu sinandipatse. Mayi aja anaphunzira kunja, anaphunzitsa zaka zambiri, anajambula nyumba zosanja za m'tauni, ndipo ankalemba buku lonena za nyumba za m'midzi. Koma pophunzitsa ankangotola kamtengo n'kumajambula pa dothi. Ankati kujambula n'kosavuta, ngakhale mwana amajambula nyumba. Chovuta ndi kufunsa malo usanakhome chikhomo: madzi amadzera pati, mphepo imachokera kuti, dzuwa la masana limapsereza khoma liti. Nyumba zamakono zobisa denga kuseri kwa khoma ankazida kwambiri. Ankati zili ngati munthu wotuluka pa mvula atavala tayi koma wopanda chipewa.

Ophunzira ena sankakondwa kuti ndikhale nawo. Mmodzi, wa magalasi, anandifunsa tsiku lina ngati ndikumva Chingerezi chimene chikuyankhulidwacho kapena ndangotsata mthunzi. Ndinaimirira, magazi atandithamangira kumutu. Aphunzitsi sanakweze n'komwe mawu.

"Mukam'menya, mawa musabwere pano. Sankhani nokha."

Ndinagwira manja kumbuyo n'kukhala pansi. Ndinakhalabe mpaka phunziro linatha.

Nthawi yomweyo n'kuti ndili pa chitomero ndi mtsikana wa kwa Kadewere. Kwathu kuno mwamuna ndiye amakalowa kwa mkazi, ndipo mkamwini sasankha malo. Amalume a mkazi ndi amene amakulozera pomanga. Njerwa ndinaumba ndekha, uvuni ndinawotcha ndekha. Amalume ake a mkazi wanga, bambo wamtali wogulitsa mbuzi, anandilozera malo kumtunda kwa bwalo la banjalo. Nyumba zonse pamudzipo zinazungulira bwalo, makomo onse kuyang'ana pakati. Nyumba ya apongozi anga aakazi inali kumunsi, mbali ya ku Mulanje.

Ndinaima pamalopo n'kufunsa zimene ndinaphunzira kufunsa. Yankho linali losabisika: khomo loyang'ana pa bwalo likanayang'ananso mvula. Choncho ndinakhoma zikhomo ndi kukoka chingwe, khomo n'kuliika mbali inayo, yoyang'ana phiri la kuseri kwa mudzi, maziko okwera, khonde lalikulu. Ndinapita kwathu mtima uli mbee.

M'mawa mwake ndinapeza zikhomo zonse zitazulidwa, zitaunjikidwa bwinobwino pamwamba pa njerwa. Amalume anali atakhala pa mpando pomwepo, akundidikira.

"Akamwini, nyumba imeneyi ikufulatira ndani?"

"Ikufulatira mvula, ankolo."

"Mvula ili ndi nyumba pamudzi pano? Ine ndikuona ikufulatira alongo anga."

Ndinayesa kufotokoza za mphepo, za zitseko zowola, za masaka. Ndinawalozera chitseko cha nyumba ya mwana wawo yemwe, chimene chinali chitayamba kale kudyeka kunsi. Iwo anangoti chitseko chikawola amagula china.

"Za kukoleji zanuzo mukazisiye ku Namadzi. Sukulu munaithawa, lero mwasanduka pulofesa wa mphepo? Pano khomo limayang'ana pa bwalo. Ngati simukufuna, ngolo zilipo, njerwa zanu zibwerere kumene inu munachokera."

Khasu linali m'manja mwanga. Sindinalikweze, koma ndinaligwira mwamphamvu, ndipo mawu anga anamveka mpaka ku chitsime. Ana anasiya kusewera. Apongozi anatuluka m'khitchini mwawo, anandiyang'ana kamodzi, n'kulowanso. Mkazi wanga, amene panthawiyo anali asanakhale mkazi wanga, anabwera n'kundilanda khasu lija modekha.

"Tiyeni ndikuperekezeni," anatero. Tinayenda mpaka pa msewu. Pamenepo anangoti, "Inu mukudziwa nyumba. Koma lero mwawonjezera mantha."

Sindinamve chimene ankatanthauza. Maganizo anga anali amodzi: khomo silisuntha, ndipo mkazi sindimusiya. Ndinaganiza kuti aphunzitsi akandijambulira pulani yeniyeni pa pepala lalikulu, ya chidindo, amalume akhala chete. Ndinawapeza pa ntchito paja akuyang'ana mmene denga likukwerera. Ndinawafotokozera zonse, ndipo pofotokozapo ndinayambanso kukweza mawu.

Anamvetsera mpaka ndinatha.

"Pepala sindikupatsani. Ine sindikagona m'nyumbamo, ndipo chidindo changa sichikadya nawo pa bwalopo."

"Ndiye zonse munatiphunzitsa zija zinali zocheza?"

"Khalani pansi, achimwene. Za mphepo mwakhoza, ndipo ophunzira anga ena akanalakwa. Madzi mwawafunsa, dzuwa mwalifunsa. Nanga anthu?"

"Amalumewo ayankha kale."

"Amalume anena lamulo, sananene chifukwa chake. Ine ndayenda m'midzi yambiri polemba buku langa. Sindinapezepo khomo loyang'ana kwinakwake popanda chifukwa. Mwina chifukwacho chinatha kalekale, mwina chikadalipo. Kafunseni amene khomolo limawayang'ana."

Apa panali povuta. Mkamwini sakhala pansi n'kumakambirana ndi apongozi ake aakazi ngati anzake a pa bawo. Mukakumana panjira, mmodzi amapatukira ku tchire. Ndinapempha mkazi wanga kuti akhale pakati pathu. Tinakhala kuseri kwa khitchini masana, apongozi atakhala chammbali akusenda nandolo, ine chapatali pa njerwa, maso pansi. Ankayankhula kwa mwana wawo ngati ine palibe.

"Uwauze kuti za mvulazo ndamva, ndipo sakunama. Zitseko zowola ndaziona pamudzi pano. Koma uwafunse kuti akudziwa chimene ine ndimaona m'mawa uliwonse ndikamasesa?"

Mkazi wanga anandiyang'ana. Ndinapukusa mutu.

"Ndimaona makomo a ana anga. Ndimaona amene watsegula ndi amene sanatsegule. Ndimaona mwana wanga akutuluka, mmene akuyendera, ngati wafunda mpango kumaso tsiku lotentha. Sindifunsa munthu. Khomo ndi limene limandiuza." Anataya makoko m'lichero. "Tsopano kwabwera mwamuna amene mbiri yake inafika kuno iye asanafike. Anamenyetsa chitseko ku sukulu. Anagwira malaya a kapitawo ku Boma. Dzana wagwira khasu pamaso pa achimwene anga. Ndiye mwamuna ameneyo akuti khomo la mwana wanga liyang'ane kuphiri, kumene kulibe maso a munthu. Iwe ukanakhala ine ukanagona?"

Ndinafuna kuimirira, kunena kuti sindinakwezepo dzanja kwa mkazi chibadwire, kuti akundiyesa chilombo pa mlandu umene sindinapalamule. Koma ndinaona kuti ndikangotulutsa mawuwo mmene ankabwereramo, ndiye kuti ndawayankhira funso lawo. Ndinakhalabe pa njerwa paja.

"Uwauze amayi," ndinatero kwa mkazi wanga, "kuti khomo lalikulu likhalabe kuphiri, chifukwa sindimanga nyumba yolowa madzi ndikudziwa. Koma ndiboola lina mbali yawo. Ndidzalitchinga ndi khonde lakuya ndi kakhoma kofika m'chiuno, kuti mvula isafike pa chitseko koma iwo aziliona ali pakhomo pawo. Khitchini ndiimanga mbali yomweyo."

Apongozi anapitiriza kusenda.

"Uwauze kuti khomo limenelo lisakhale ndi loko wa kiyi. Likhale ndi kachitsulo kotsekera m'kati basi, kotsika, koti ngakhale mwana afikire. Khomolo ndi lako iweyo. Iwo azidzera lawo la kuphirilo."

Zinandiwawa, ndipo zimandiwawabe ndikakumbuka. Koma ndinavomera.

Amalume sanakondwe. Anati nyumba ya zipinda ziwiri ya makomo awiri ndi ya munthu wothawa ngongole, ndipo nthabwala imeneyi anainena pa msika mpaka inafika ku Namadzi. Komabe alongo awo atanena kuti nkhani yatha, zikhomo sanazigwirenso. Ndinakokanso chingwe, n'kukumba maziko.

Khomo lachiwirilo linandivuta kuposa nyumba yonse. Khonde likafupika, mvula ikanalowa. Likatalika kwambiri, likanabisa chitseko. Ndinatengera vutoli kwa aphunzitsi, ndipo ulendo uno sanandikanize. Analipereka kwa ophunzira awo ngati phunziro la tsikulo, onse n'kumajambula pa dothi, kutsutsana, kufufuta ndi mapazi. Wa magalasi uja ndi amene anapeza kuti kakhomako kakapendekera pang'ono mbali ya mphepo, denga silifunika kutsika. Anali atakhoza, ndipo ndinamuuza kuti wakhoza, ngakhale kuti mawuwo anatuluka movutikira. Aphunzitsi anapempha kuti nyumbayo ikatha adzaione, mwina ilowe m'buku lawo. Ndinati akhoza kubwera, bola akayambe alonjera kwa apongozi.

Pomanga ndinkatsika kawirikawiri kupita pakati pa bwalo, kuima moyang'anana ndi khomo la apongozi, n'kuwerama kufika pa msinkhu wawo kuti ndione ngati chitseko chathu chikuoneka chonse. Alamu anga ankaseka kuti mkamwini wayamba kuvina yekha masana. Pena ndinapeza kuti kakhoma kakwera mopitirira. Ndinagumula mzere wa pamwamba n'kuyambanso.

Ukwati unachitika malata atakhomedwa, mvula yoyamba isanagwe. Kachitsulo kaja ndinagula ku Boma, ndipo pokakhoma ndinaitana mkazi wanga kuti aloze yekha pamene akufuna. Analoza, ine ndinakhoma. M'mawa woyamba m'nyumbamo ndinatulukira khomo la kuphiri ndi zida zanga, kupita ku ntchito. Ndikuzungulira pakona ndinamva kachitsulo kakukokedwa, chitseko china chija chikutseguka. Kumunsi kwa bwalo tsache la apongozi linaima pang'ono, kenako linapitiriza kusesa.