Pasiwedi Yobwereka

Ntchito ya mu laibulale ndinaipeza chifukwa cholephera kupirira poona munthu akutaipa ndi zala ziwiri. Nthawi imeneyo ndinali nditakhala ku Joni chaka ndi theka, ndikugwira ntchito ya m'nyumba ku Silverton kwa mayi wina wachizungu, Dokotala Nel, amene ankaphunzitsa za umoyo wa amayi ndi ana pa yunivesite ina mu Pretoria momwemo. Tsiku lina ndikupukuta mawindo a chipinda chawo chowerengeramo, ndinawaona akujompha mabatani a kompyuta ngati nkhuku pa chimanga. Ine kwathu ku Limbe ndinaphunzira taipi zaka ziwiri, kungoti ntchito yake inasowa. Ndinayesa kuyang'ana kumbali, koma zinandikanika.

"Madamu, tandipatsani tsambalo ndikutaipireni."

Anandiyang'ana modutsa pamwamba pa magalasi awo, n'kundisiyira mpando. Nditamaliza anawerenga kawiri osapeza cholakwa. "Esnart, nthawi yonseyi wakhala ukuchapa makatani uli ndi manja amenewa?"

Mwezi usanathe anandilembetsa ngati wowathandiza pa kafukufuku. Masiku atatu pa sabata ndinkakwera tekisi kupita ku laibulale, masiku enawo ndinkabwerera ku tsache ndi simbi. Anandipezera khadi lokhala ndi chithunzi changa lolowera pakhomo. Koma za pasiwedi yangayanga anati mafomu ake ndi ochuluka, ndiye anangondilembera yawo pa kapepala. Kapepalako ndinkakasunga mu Baibulo.

Amene anandiphunzitsa ntchito anali Abambo Phiri, woyang'anira chipinda cha makompyuta. Nditaona dzinalo pachifuwa pawo mtima unadumpha. Ndinawapatsa moni wa kwathu, iwo n'kuyankha bwinobwino kuti, "Ndili bwino, kaya inu." Basi ine ndinamasula Chichewa chonse chimene ndinachisunga chaka ndi theka, kuwafunsa kumudzi kwawo, mfumu yawo, ngati mvula ankaimva kuti yagwa bwanji chaka chimenecho. Iwo anangoseka mwamanyazi.

"Eish, sesi, Chichewa changa chathera pomwepo," anatero m'Chingerezi.

Anabadwira ku Ga-Rankuwa, pafupi ndi Pretoria pomwepo. Agogo awo ndiwo anachokera ku Dedza, koma Abambo Phiri eniakewo kumeneko sanapondeko. Panalibe chimene anandilakwira, komabe ndinawakwiyira mumtima ngati andinamiza. Kuyambira tsiku limenelo ndinkangowalankhula zantchito, ndipo nazonso ndinkazichepetsa.

Ntchito yake inali yotere. Yunivesite inkalipira makampani akunja kuti anthu ake aziwerenga pa intaneti magazini a akatswiri, amene ankasungidwa m'nkhokwe zotchedwa madatabesi. Dokotala ankandipatsa mutu, ine n'kukasaka nkhani zogwirizana nawo. Ukalemba mawu amodzi okha, nkhani zimabwera zosawerengeka. Abambo Phiri anandionetsa kuika AND pakati pa mawu awiri kuti zibwere zokhudza zonse ziwiri, kuika OR pamene chinthu chili ndi maina awiri, ndi kuika kanyenyezi kumapeto kwa mawu kuti kakoke mawu onse oyamba chimodzimodzi. Kenako umachepetsa ndi zaka. Zotsalazo umawerenga chidule cha nkhani iliyonse, ndipo ikakhala yoyenera umakopera nkhani yonse mu fulashi, n'kulemba pa khadi dzina la wolemba, chaka, voliyumu ndi tsamba.

"Wofufuza amasankha," ankatero Abambo Phiri. "Usatenge nkhani imene sunawerenge chidule chake."

Panalinso kabokosi ka malamulo kamene kankatuluka ukamalowa m'nkhokwe. Zilembo zake zinali zing'onozing'ono, ndipo ine ndinkangodina kuvomera osawerenga.

Ntchitoyo ndinaikonda, koma kusungulumwa kwake kunaposa kwa m'nyumba. Ophunzira ankandiyesa wokolopa, ena mpaka kundiuza kuti m'chimbudzi mwatha sopo. Okolopa enieniwo ankalankhula Chipedi chawo n'kumandiyang'ana ngati wodzikweza. Masana ndinkadya buledi wanga ndekha pa benchi ya kuseri. Lamlungu ku tchalitchi amayi anzanga a ku Malawi anayamba kunditchula kuti aprofesa, ndipo ndikafika pamene akukamba za mabwana awo nkhani inkazirala. Ndinkatha masiku anayi osatulutsa mawu a Chichewa ngakhale amodzi, kupatula popemphera.

Ndiye kunabwera kalata ya achimwene anga a Lyson. Iwo ankaphunzitsa anamwino pa chipatala china cha mishoni ku Mulanje, uku akuchita digiri, ndipo ankalemba za malungo mwa amayi oyembekezera. Anadandaula kuti mabuku a pa sukulu yawo ndi akale kuposa ophunzira ake. Sanapemphe kanthu. Ine ndekha ndinasaka nkhani khumi ndi imodzi, n'kuziika pa sidi pogwiritsa kompyuta ya kumapeto imene inali ndi chowotchera masidi, n'kupatsira munthu wopita kumudzi pa basi.

Yankho lake ndinaliwerenga mpaka pepala linang'ambika mopindamo. Kenako kunabwera kalata ya mnzawo wa achimwene, kenako ya mayi wina amene sindinamuonepo, aliyense ndi mutu wake, aliyense akuyamba ndi "Achemwali athu a ku Joni." Anzanga ankatumiza mabulangete ndi njinga, ine ndinkatumiza maphunziro, ndipo kunena zoona ndinayamba kudzimva. Ndikabwera ku ntchito ndinkathamangira kaye ku bokosi la makalata pageti. Kachipinda kanga ka kuseri kanayamba kukhalika.

Chakumapeto kwa chaka, nthawi imene ophunzira amakhala akumaliza zolemba zawo, bambo wina wa ku tchalitchi anandiuza kuti akunyamuka Lachinayi ndipo akafika mpaka ku Mulanje. Ndinali ndi makalata asanu osayankha. Ndinaganiza kuti, bwanji ndizivutika kusankhira munthu aliyense? Kwathu ukapeza shuga m'sitolo nthawi ya kusowa sugula wa tsiku limodzi. Ndinagula masidi khumi. Lolemba ndi Lachiwiri ndinatsegula magazini ina ya matenda a m'maiko otentha, n'kuyamba kukopera nkhani iliyonse motsatana, kope ndi kope, chaka ndi chaka, mawindo asanu ndi limodzi a pa kompyuta otsegula nthawi imodzi. Chidule sindinawerenge n'chimodzi chomwe. Zala zanga zinali zachangu, ndipo ndinkanyadira changucho.

Lachitatu m'mawa nditalowa, m'chipindamo munali phokoso lachilendo. Pa kompyuta iliyonse panali uthenga womwewo wa zilembo zofiira. Kampani ya nkhokwe ija inali itatsekera yunivesite yonse, osati magazini imodzi ija yokha, koma onse amene ankadzera kwa iwo. Pa tebulo la Abambo Phiri panali mzere mpaka pakhomo. Mtsikana wina wovala yunifolomu ya unamwino ankalira poyera, akuti zolemba zake n'zofunika Lachisanu ndipo nkhani zake zonse zili mmenemo. Ine ndinakhala pa mpando wanga, masidi ali m'chikwama pamiyendo. Sindinkadziwa bwinobwino, koma ndinali nditayamba kale kudzikayikira kuti ndine ndachititsa.

Cha m'ma leveni Abambo Phiri anabwera ndi pepala m'manja. Sanakweze mawu. Anawerama n'kundionetsa dzina la Dokotala Nel, nambala ya kompyuta ya kumapeto, ndi mzere wa nthawi zotsatana mpaka pansi pa tsamba.

"Ndi iwe?"

Ndinavomera ndi mutu.

Anatiitanira mu ofesi ya mkulu wa laibulale, ine ndi Dokotala. Dokotala anachita kusiya kalasi. Mkuluyo anafotokoza kuti makina a kampaniyo akaona munthu mmodzi akukopera magazini yathunthu amaganiza kuti ndi wakuba wofuna kukagulitsa, ndiye amatseka khomo la onse mpaka yunivesite italemba kalata yofotokoza ndi kulonjeza. Zonsezi zinali m'kabokosi kaja. Kenako anatembenukira kwa Dokotala n'kufunsa kuti pasiwedi yawo inapezeka bwanji m'manja mwa munthu wina. Ndinaona nkhope ya Dokotala ikufiira mpaka m'khosi. Munthu amene anandichotsa pa makatani ankayankha mafunso ngati mwana wa sukulu chifukwa cha ine.

"Umagulitsa?" anandifunsa mkuluyo.

"Ayi. Ndimatumiza kwathu."

Ndinatulutsa masidi aja ndi makalata asanu n'kuika pa tebulo. Palibe anawagwira makalatawo, poti anali a m'Chichewa. Masidi anatsala komweko.

Nkhokwe inatsegulidwa Lachisanu masana. Za mtsikana uja sindinamve mathero ake, ndipo mpaka lero ndikamukumbukira ndimachita manyazi. Dokotala sanandichotse m'nyumba. M'galimoto pobwerera anangonena kuti, "Nanenso ndinalakwa, Esnart. Koma kumeneko sungabwererenso." Ndikanakonda akanandikalipira.

Lolemba lotsatira ndinapita kukabweza khadi. Abambo Phiri analilandira, n'kundiuza kuti ndidikire. Analemba mizere itatu pa pepala n'kundipatsa. Anati pali dongosolo limene makampani omwewo anagwirizana, loti zipatala ndi sukulu za umoyo za m'maiko osauka ngati Malawi ziziwerenga magazini amenewa ulere. Chofunika n'chakuti mkulu wa sukuluyo alembetse basi, ndipo amapatsidwa pasiwedi yawoyawo.

"Miyezi isanu ndi iwiri wakhala pafupi ndi tebulo langa," anatero. "Bwanji sunandifunse, sesi?"

Ndinapinda pepalalo n'kuliika m'chikwama. Akulu anati safunsa anadya phula, koma kwa ine sikunali kunyada kokha. Ndinali nditazolowera kukhala ndekha mpaka ndinasiya kuona kuti munthu wokhala pafupi nane angandithandize, chifukwa choti sankalankhula monga ndinkafunira.

Pepala lija ndinaliika mu envelopu ndi kalata yaifupi youza achimwene kuti masidi sadzabweranso. Patapita miyezi anandiyankha kuti sukulu yawo yalembetsa, ndipo tsopano amasaka okha pa kompyuta ya mu ofesi ya mkulu wawo, magetsi akakhalapo. Anamaliza digiri yawo. Anzawo aja sanandilemberenso, poti panalibenso chondilembera, ndipo zinandipweteka kuposa mmene ndinkayembekezera.

Ndinakhala kwa Dokotala zaka zina zitatu, ndikuchapa, kusita, ndi kuwataipira pa kompyuta ya m'nyumba. Lero ndili ndi kashopu kanga kotaipira ku Limbe, ndipo ophunzira akabwera ndi fulashi yodzaza ndimawafunsa kuti mwa zonsezi mwawerenga zingati. Chimene ndinatenga ku laibulale kuja n'chakuti khomo limene wakutsegulira mnzako amalowerapo anthu ambiri, ndipo ukalitseketsa sutsekera iwe wekha. Ndinatumiza kwathu nkhani zochuluka ndithu, koma chimene chinawathandiza achimwene mpaka kumaliza ndi mizere itatu ya munthu amene ndinkamudutsa m'mawa uliwonse osamupatsa moni.