Mpala Umene Ndinameta Mkazi Wanga Ali Moyo

Ine ndinali mkamwini. Kwathu n'ku Zemba, koma nditakwatira ndinatsata mkazi ku Zingalume, n'kumanga nyumba pamudzi pa apongozi. Munda unali wawo. Ana ndinabereka ine, koma mwini mbumba anali alamu anga, mlongo wake wa mkazi wanga. Muzisunge zimenezi, chifukwa n'zimene zinandimanga manja.

Chaka chimene mkazi wanga anamupeza ndi khansa ya bere, mtedza tinakumba mochedwa, wina unamerera m'nthaka. Kuchipatala cha kwathu anatitumiza ku Chipata, a ku Chipata anatitumiza ku Lusaka. Kumeneko anachotsa berelo n'kuyamba kumupatsa mankhwala a m'dilipi aja amati kemo. Anatiuza kuti kamodzi sikukwana: mukapume kunyumba, mubwerenso tsiku limene takuuzani, osaphonya. Womuperekeza ndinali ine. Nanga ndani? Alamu aja ngakhale pokwerera basi sanatiperekezepo.

Mankhwala amenewo ndi ankhanza, abale. Tikabwerako ankangogona, fungo la mafuta ophikira lokha n'kuyamba kusanza. Ana ankadyera panja, mwakachetechete, kuti mayi awo asamve fungo la ndiwo. Ine ndinaphunzira kusinja ndi kupeta, amuna anzanga akundiseka podutsa.

Kenako linabwera vuto la tsitsi. Adokotala anatiuziratu, koma kumva ndi kuona n'zosiyana. M'mawa wina ndinamupeza kuseri kwa bafa, chipeso chili m'manja, tsitsi lili mbwee pansi ngati pososolera nkhuku. Munthu amene sanalire pochotsedwa bere analira tsiku limenelo. Anamanga duku, osavulanso ngakhale pogona. Kutchalitchi anasiya. Polankhula nane ankayang'ana kumbali.

Ku Lusaka ndinali nditaonako bambo wina pamzere, atameta mpala limodzi ndi mkazi wake wodwala, awiriwo akuseka. Ndiye ndinati, inenso. Ndinagula lezala pagolosale, n'kukhala pamtondo, kudzipala ndekha mpaka kudzicheka pakhutu. Ndinalowa m'nyumba n'kunena kuti, "Amake ana, taonani, tafanana tsopano. Wokongola ndani?"

Anandiyang'ana, n'kugwira pakamwa, n'kuseka mpaka kutsokomola. "Inu abambo, mutu wanu ndi wa mabampu chonchi? Zaka zonsezi mumandibisira!" Anavula duku lija yekha. Tsiku limenelo phala anamaliza.

Chimwemwe chimenecho sichinafike madzulo. Apongozi anandiona ndikupita kudimba, lichero n'kuwapulumuka. "Mayo ine! Mwameta maliro a yani?" Paja kwathu kuno mpala wa lezala timameta tikaika munthu m'manda, abale atasonkhana. Ndinkadziwa, sindine mwana. Koma m'mutu mwanga munali mkazi wanga, munalibe mwambo.

M'mawa mwake alamu anaitanitsa abale pakhonde pa apongozi. Anati, "Alamu, mlongo wathu akupuma, inu mwamulira kale. Mukudziwapo chiyani? Ku Lusaka amapita wathunthu. Mumabwera naye bere palibe, mawa tsitsi palibe. Mukukamuchiritsa, kapena mukukamusiyako chiwalochiwalo?"

Ndinafotokoza za mankhwala, za bambo wa pamzere uja. Zinali ngati ndikulankhula ndi chulu. Mkazi wanga anatuluka akugwira khoma, mutu uli poyera, nati, "Achimwene, musawanamizire. Amuna angawa ametera ine."

"Eyatu," anatero alamu. "N'zimene tikunenazo. Ametera iwe."

Anagamula kuti ndibwerere kwathu mpaka tsitsi langa limere. Ndikanatani? Nyumba ili pa nthaka yawo, ana ndi mbumba yawo, ndipo mlendo ndi mame. Ndinamanga zovala pakaliyala ya njinga, mkazi wanga akundigwira dzanja. Ndinamunong'oneza kuti tsiku la kemo likakwana ndidzabwera kudzamutenga, alamu afune asafune.

Ndinabweradi. Ndinapeza chitseko chotseka. Mwana wanga wamkazi anandiuza kuti amalume atenga amayi pangolo, apita nawo kwa sing'anga kutsidya kwa malire, ku Mozambique. Mudzi wake palibe anandiuza. Tsiku la kuchipatala linadutsa, lina linadutsanso, ine ndikungopalasa njinga pakati pa Zemba ndi Zingalume ngati wamisala.

Alamu atabwera naye, tsitsi lake linali litayamba kumera, lofewa ngati la khanda, chifukwa kemo anali atasiya. Apongozi ankaonetsa aliyense wobwera kudzazonda. "Mwaona? Akuchira mwana wanga!" Ine ndinkaona mmene ankapumira. Pamene anandilola kupita nayenso kuchipatala, adokotala anati matenda afalikira.

Sindikunena kuti kemo akanamuchiritsa, sindine dokotala. Koma abale ake anamulanda mwayi wake, ndipo anaulanda chifukwa cha mutu wanga. Zimenezo sindinawakhululukire, ndipo wansembe atandifunsa ndinamuuza chomwecho. Mpala uja sindidandaula nawo. Ndi umene unamuseketsa komaliza.

Anamwalira mvula itayamba, chimanga chili m'mawondo. Tinamuika kumanda a kwawo. Tsiku lometa litafika, achibale anakhala pamphasa, gogo wina wa pamudzipo n'kumayenda ndi lezala mutu ndi mutu: apongozi, alamu, ana anga. Ine ndinakhala kumapeto, tsitsi litamera bwinobwino monga anafunira. Gogoyo atafika pa ine ndinaweramitsa mutu. Ndinamva dzanja lake lonyowa pankhongo.

"Amenewo alekeni," anatero alamu. "Anameta kale."

Gogo uja anachotsa dzanja. Ndinabwerera ku Zemba ndi tsitsi langa lonse, ndipo anthu amene ndinakumana nawo m'njira ankandipatsa moni ngati munthu amene sanafedwe.