Fayilo Imene Ndinamubisira Asiyatu

Kompyuta itafika pa ofesi yathu ku Limbe, nthawi ija ya chipani chimodzi, ine ndinali nditakalambira pa taipulaita. Koma bwana anasankha Asiyatu, kamtsikana ka ku Ndirande kongoyamba kumene ntchito, kuti ndiye apite ku kosi. Ndinkamusekerera, koma m'minibasi yobwerera ku Zingwangwa ndinkangotukwana chamumtima.

Kompyutayo ine ndinaiphunzira mobera, posuzumira amisiri akabwera kudzakonza. Ndinadziwa kuti pa mndandanda wa mafayilo, othera ndi EXE, COM kapena BAT ndiwo amatsegula pulogalamu: umangolemba dzina lake n'kudina Enter. Enawo sayenda okha.

Tsiku lina bwana analowa ndi alendo kudzawaonetsa makinawo. Asiyatu anasokonezeka ndi mantha.

"Achemwali, yotsegulira ija ndi iti?" anandinong'oneza.

Ndinkaiona bwinobwino, yachiwiri kuchokera pamwamba.

"Ine wa taipulaita ndingadziwe chiyani?" ndinayankha mokweza, kenako n'kuyamba kusintha riboni ya taipulaita yanga, yomwe inali yatsopano.

Analemba dzina la fayilo ya kalata, kompyuta n'kukana. Anayesanso, osatheka. Alendo anayamba kuyang'ana kudenga. Ine kukoma kwake ngati ndamwa thobwa lozizira.

Ndinkadikira kuti mawa lake bwana andiitane kuti kompyutayo ikhale yanga. M'malo mwake bwana anati mwanayo sanaphunzire mokwanira, n'kumutumiza ku kosi ina, ya ku Harare, pa ndege.

Pobwera Asiyatu anandigulira chitenje, akuti chifukwa ndine ndekha amene sindinamuseke tsiku lija. Ndinalandira ndi manja awiri.